Dzina la Dolores Likunena Ndani?

Amake Ronald, amene azungu a kuntchito amangowatchula kuti Vera, ali ndi matenda amodzi amene ine ndalephera kuwachiza. Sangakumane ndi munthu osamufunsa tanthauzo la dzina lake. Ndagwira nawo ntchito zaka zambiri panyumba ina yosamalira okalamba ku Lucan, kufupi ndi Dublin kuno ku Ireland, ndipo ndinawaonapo akuimitsa dokotala wa ku Nigeria pakhonde, iwo atanyamula thireyi ya tiyi, kuti awauze kaye chimene makolo ake ankaganiza pomupatsa dzina lalitali chonchija. Anamwino a ku Philippines anafunsidwa onse. Bambo wa ku Poland wokonza mapaipi anafunsidwa mutu uli pansi pa sinki. Ena zimawasangalatsa, ena akangowaona amakhotera kwina, ndipo ine amene ndimayenda nawo ndimachita manyazi m'malo mwawo.

Akamva tanthauzo sakhutira. Funso lachiwiri limabwera nthawi yomweyo: nanga dzinalo linkanena ndani? Chikhulupiriro chawo n'chakuti dzina silibwera lokha, pali amene analituma ndipo pali amene linatumizidwa kwa iye. Kwawo ku Ntcheu, amatero, mayi wokwiya ndi abale a mwamuna wake satukwana munthu pamaso. Amadikira mwana abadwe n'kumutcha Ndaziona, kapena Mwatitha, kapena Nditani. Kuyambira pamenepo, akangoitana mwanayo kuti akatunge madzi, wolakwayo amamva zake ali m'nyumba mwake. Dzina limagwira ntchito ya nyimbo ya pamtondo.

Anabwera ku Ireland Ronald ali wamng'ono, n'kupempha malo othawirako. Anakhala zaka ku hositelo, chipinda chimodzi iwo ndi mwana, osaloledwa kugwira ntchito, kudya zimene aphikiridwa pa nthawi imene auzidwa. Za bambo ake a Ronald sitikamba. Mapepala atatuluka anaphunzira ntchito yosamalira okalamba, n'kuigwira ndi mtima wonse, mpaka lero ali ndi kanyumba kawo kam'mwamba ku Citywest komwe amadzala mpiru m'zidebe pawindo. Ndi mayi wamfupi, wothamanga poyenda, wokonda kuseka, koma akaumitsa khosi simungawatembenuze ngakhale mutabwera ndi abusa.

Dzina lawo lenileni ndinalidziwa patapita nthawi yaitali. Papasipoti pawo pali dzina lina patsogolo pa Vera, ndipo kulikonse kumene angathe amangolemba chilembo chake choyamba, M. Tsiku lina tikupinda mabulangete anandiuza okha, osandiyang'ana. Dzinalo ndi Mwandida. Amayi awo anatengedwa chitengwa kupita kumudzi kwa mwamuna, apongozi awo aakazi sanawalandire bwino, ndiye mwana woyamba atabadwa anasenzetsedwa uthengawo.

"Ine ndinali envelopu, Norah," anatero. "Kalata inali ya anthu awiri, koma woyenda nayo ndinali ine. Kusukulu aphunzitsi akamaitana mayina, kalasi yonse inkatembenuka kufuna kuona amene wadedwayo."

Atalowa kalasi ya ubatizo kutchalitchi anadzisankhira okha dzina lakuti Vera, chifukwa m'mudzi monse munalibe wodziwa tanthauzo lake. Chodabwitsa n'chakuti mayi amene anafunsa mayina a theka la anthu a mu Dublin sanafufuzepo lawolo ngakhale kamodzi.

Ronald atakula anabweretsa mkazi wa ku Spain, namwino pachipatala china mumzinda, dzina lake Pilar. Mtsikanayo asanavule n'komwe jekete, funso linali litamupeza. Anayankha akuseka kuti Pilar ndi mzati, ngati uja wogwira denga. Anawonjezera zina zokhudza Mariya amene akuti anaonekera ataima pamwamba pa mzati mumzinda wa Zaragoza, koma amake Ronald, poti anakulira mpingo umene Mariya amangomutchula pa Khirisimasi, zimenezo zinawadutsa. Chimene anatola n'chakuti kuli anthu pansi pano amene amatcha mwana wamkazi Mzati. Anakhala sabata yathunthu akulitembenuza dzinalo, n'kumaliza ndi chigamulo chakuti amayi ake a mtsikanayo ankauza mwamuna wawo kuti nyumba yonse aisenza okha.

Ukwati unachitikira kwawo kwa mkazi, m'tauni ina yaing'ono kufupi ndi Córdoba. Amake Ronald anabwerako akusimba za amayi ake a Pilar, mayi wonenepa wa mawu aakulu amene aliyense ankamutchula kuti Lola, amene anavina mpaka kuvula nsapato. Sanamvane chinenero, koma anagwirizana pa kuvina. Dzina la Lola lokha ndi limene sanathe kulifufuza, poti womasulira anali kalikiliki ndi kukwatiwa.

Zinthu zinayamba kupotoka Pilar atatenga pakati. Banjali limakhala ku Skerries, tauni ya m'mbali mwa nyanja, ndipo tsiku lililonse lopuma amake Ronald ankakwera Luas, kasitima koyenda mumsewu, kupita m'tauni, kenako sitima yaikulu, atanyamula zikwama ndi malamulo. Mazira anachotsedwa mufiriji. Kuima pakhomo kunaletsedwa. Atamva kuti mpongozi wawo amakasambirabe m'nyanja yozizira ija ndi mimba, anaimba foni kwa ine ngati aona ngozi. Koma chimene chinaswa mbale ndi kabedi ka mwana. Kwathu sitigula za mwana asanabadwe, sitimutchula, sitimuwerengera. Iwo anapeza kabedi katamangidwa kale, tizovala titapindidwa mudirowa. Eni nyumba ali kuntchito, ananyamula zonsezo n'kukazitsekera mukanyumba kosungira njinga kuseri. Pilar atabwera analira, n'kuwauza mawu angapo kukhitchini amene sanali okoma. Mawa lake Ronald anawapempha mwaulemu kuti aziimba kaye foni asanabwere.

Ine ndinawauza poyera kuti analakwitsa. Anandiyankha kuti ndilibe mdzukulu, ndiye ndisalowerere.

Kenako kunachitika phwando lija azungu amachitira mayi woyembekezera. Tinapita, ngakhale amake Ronald ankang'ung'udza njira yonse kuti kuvinira mwana ali m'mimba n'kuputa tsoka. Pakati pa tebulo panali keke, ndipo pakekepo panali patalembedwa dzina: Dolores. Mwana sanabadwe, dzina lili kale pakeke. Ndinaona nkhope yawo ikulimbana ndi zinthu ziwiri, mkwiyo ndi chidwi, ndipo monga mwa nthawi zonse chidwi chinapambana. Anakodola Kanyanta, mnzathu wa ku Zambia amene foni yake sichoka m'manja.

"Tayang'ana pa phone yakoyo, limatanthauza chani?"

Kanyanta anadina, n'kuwerenga, n'kukweza zikope. "Ba Vera, ati ni Spanish. Sorrows. Ma pains. Mavuto chabe, mwandi."

Amake Ronald sanadye keke. Anakhala pampando manja ali pamiyendo mpaka nthawi yotsanzika. Tili musitima, titadutsa masiteshoni angapo, anatembenuka.

"Wamva, eti? Akunena ine."

Ndinaseka, koma iwo sankaseka. Anawerengera pa zala: mazira, nyanja, kabedi. Mtsikana uja anavutika ndi apongozi ake mimba yonse, ndiye wachita chimene mkazi aliyense wanzeru amachita, wadikira mwana. Ndinawauza kuti angomufunsa Ronald. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. Munthu safunsa ngati nyimbo ya pamtondo ikunena iye, anatero, ukafunsa ndiye kuti wavomera.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili bwino. Koma Ronald, pofuna kusunga mwambo wakwathu wakuti akuchimuna atchule mwana woyamba, anawaimbira foni kuwapempha kuti apereke dzina lachiwiri. Anati aliganizire bwino, adzalinene mwana akabadwa, asanakamulembetse kuboma. Iwo anavomera mwaulemu. Mawa lake kuntchito anandinong'oneza kuti dzina analipeza kale usiku womwewo.

"Ndalakwanji."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa. Ndinawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Dolores Ndalakwanji! Mwana mmodzi, makalata awiri, wina wopita wina wobwera. Ndinawakumbutsa za envelopu imene anandiuza okha. Anayankha kuti sanayambe ndi iwo, ndipo munthu akakutumizira mawu n'chipongwe kusayankha. Ndinapsa mtima kwambiri moti tinatha mashifiti awiri tikungopatsirana matawulo osalankhulana. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ndinkadziwa kuti akangolitchula, Ronald sakana amayi ake, Pilar sadziwa Chichewa, ndipo dzinalo likalowa pa chikalata chobadwira ndiye lalowa.

Mwayi wanga unali umodzi: amake Ronald sangathe kusiya dzina osalifukula mpaka kumizu. Ngakhale anali atagamula kale mlandu, anayamba kufufuza.

Woyamba kufunsidwa anali gogo wina wachiairishi amene anabwera panyumba ya okalamba ija m'nyengo yozizira yomweyo. Tsiku limene anaona khadi la pachitseko chake lolembedwa Dolores, amake Ronald anasinthanitsa ntchito ndi mtsikana wina kuti akamupese tsitsi ndi iwo. Ine ndinali momwemo ndikuyala bedi. Gogoyo anati anabadwa pakati pa mwezi wa Seputembala, tsiku limene Akatolika amakumbukira zowawa za Mariya, ndiye amayi ake anangoyang'ana kalendala ya kutchalitchi n'kutola dzina. Anati m'nthawi yawo atsikana ambiri a ku Ireland ankapatsidwa mayina oterowo, mng'ono wake anali Concepta, mnzake wa pasukulu Assumpta.

"Koma amayi anu anawazunza ndani?" anafunsa amake Ronald, chipeso chili m'malere.

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati amayi ake anali ndi ana odzaza nyumba komanso mwamuna wokhalira kumowa, ndiye owazunza sankasowa, koma dzinalo silinachokere pamenepo. Tikutuluka, amake Ronald anandigunda ndi chigongono. "Wamva? Mwamuna wokhalira kumowa." Theka lachiwiri la yankho analisiya m'chipinda momwemo.

Achiwiri anali atsikana a ku Spain amene adzaza mabasi a ku Lucan, aja amabwera kudzalera ana a anthu uku akuphunzira Chingerezi. Tsiku lina tikuweruka masana tinawapeza atatu pamalo odikirira basi, akulankhula onse nthawi imodzi. Amake Ronald anawalowerera popanda moni wokwanira. Atsikanawo atamva dzinalo anakuwa mosangalala kuti limenelo ndi dzina la agogo, lachikale, koma layamba kubwerera. Mmodzi anafotokoza kuti dzina lonse ndi María de los Dolores, kutanthauza Mariya wa zowawa, ndipo kale pafupifupi mtsikana aliyense kwawo ankakhala Mariya wa chinachake. Poti simungaitane Mariya m'mudzi momwe aliyense ndi Mariya, anthu ankangotchula chakumapetocho. N'chifukwa chake kuli akazi otchedwa Nieves, chipale chofewa chija chimagwa kuno, ena Rocío, mame a m'mawa, ena Consuelo, chitonthozo, ena Soledad, kukhala wekha. Lililonse lili ndi tchalitchi chake, fano lake ndi tsiku lake pachaka.

Maso a amake Ronald ankawala ngati a mwana m'sitolo ya maswiti. Anafunsa ngati Nieves amakhala woyera kuposa anzake, ngati Soledad amakwatiwa. Atsikanawo anaseka n'kunena kuti palibe amene amaganizako, dzina ndi dzina basi. Basi ikuima, mmodzi anaponya mawu omaliza, kuti ndipo palibe amene amatchula Dolores yense, onse amakhala Lola kapena Loli.

Tinakhala pampando wakumbuyo. Ndinawasiya kaye kuti ziwalowe. Lola, mayi wovina wopanda nsapato uja, ndiye Dolores. Mwana akungotenga dzina la agogo ake akuchikazi, monga amachitira kwawoko. Mtima wanga unakhala pansi poganiza kuti nkhani yatha.

"Ndiye amayi ake a Lolayo ankanena ndani?" anatero.

Ndinawauza kuti sankanena munthu.

"Palibe mayi amene angatche mwana wake Mavuto popanda chifukwa, Norah. Ndiponso dzina kukhala la amayi ake sindiye kuti sakunditumizira ine. Wangopeza lokonzeratu. Bwanji sanatenge la mame lija?"

Ndinayang'ana pawindo kuti ndisanene mawu amene ndikanadandaula nawo.

Mwana anabadwa kumapeto kwa Febuluwale. Amake Ronald anapita kuchipatala, anamunyamula, analira, n'kubwerako akusimba za zala zake zazitali ngati za Ronald. Koma dzina lake sanalitchule. Ankangoti mwana, kapena uyu, kapena wa ku Skerries. Pakati pa iwo ndi mpongozi wawo panali ulemu wozizira uja woti aliyense akufunsa mnzake ngati akufuna tiyi. Ronald akafunsa za dzina lachiwiri ankamuuza kuti adzanena pamaso pa onse.

Tsikulo linafika Lachisanu lotsogolera Lamulungu la kanjedza. Lola anali atabwera kuchokera ku Spain kudzaona mdzukulu, ndipo Ronald anati tsiku limenelo ndi lalikulu kwa iwo, amayi ake abwere masana adzadye. Sabata yotsatira anali kukalembetsa mwana. Ine sindinaitanidwe kwenikweni, ndinadziitana ndekha. Ndinali nditatsimikiza kuti ngati kuli kofunika ndiwatseka pakamwa ndi dzanja.

Ku Skerries kunali mphepo yochokera kudoko, yoti imakulowa m'mano. M'nyumba munali fungo la mafuta ndi sinamoni. Lola anali kukhitchini akukazinga buledi wonyika mumkaka ndi mazira, foni ataipana ndi phewa, akukuwa Chisipanishi. Akangoidula inkaliranso. Mchemwali wake, anzake a kutchalitchi, mwini sitolo ya nsomba wa kwawo, onse ankaimba. Pachitseko panali maluwa. Amake Ronald anafunsa Pilar ngati amayi ake akukumbukira tsiku lobadwa.

Pilar anati ayi, ndi tsiku la dzina. Kwawo munthu ali ndi masiku awiri pachaka, lobadwa ndi la woyera amene anatengako dzina, ndipo kwa achikulire lachiwirili ndiye lofunika. Lachisanu limeneli ndi la a Dolores onse. Ena amasunga la mu Seputembala, koma m'tauni yawo ndi lero. Ndiye lero ndi phwando la anthu awiri m'nyumba muno, agogo ndi mdzukulu.

Ndinaona amake Ronald akuyang'ana maluwa, mbale ya buledi uja, ndi mayi amene ankaseka pafoni mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Anandinong'oneza kuti sanaonepo anthu akuchitira phwando mavuto. Chidwi chinali chitawagwira. Titakhala patebulo sanathenso kupirira. Anapempha Pilar kuti awamasulire funso kwa amayi ake, ndipo funsolo linali lomwe lija.

"Afunseni kuti amayi awo anawazunza ndani kuti awatche dzina limeneli."

Pilar anadabwa, koma anamasulira. Lola anaika foloko pansi. Anayang'ana amake Ronald, n'kuseka, kenako ataona kuti funsolo ndi lochokera pansi pa mtima anasiya kuseka. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Linali fano la mayi wovala zakuda, nkhope yonyowa ndi misozi, pachifuwa pali mtima wolasidwa ndi mipeni isanu ndi iwiri. Amuna ambirimbiri analisenza pamapewa mumsewu wopapatiza, anthu atadzaza mbali zonse. Lola analankhula nthawi yaitali, manja akuuluka, Pilar akuthamangira kumbuyo kwake ndi Chingerezi.

Anati ameneyo ndi Mariya wa m'tauni yawo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo amutulutsa m'tchalitchi kumuyendetsa m'misewu. Mpeni uliwonse ndi chowawa chimodzi chimene anachiona pa mwana wake, kuyambira tsiku limene anauzidwa kuti lupanga lidzamulasa, kuthawa naye kupita kudziko lachilendo, kumutaya m'khamu la anthu, mpaka kumuika m'manda. Zowawazo si za Lola, si za amayi ake, ndi za mayi wa pachithunziyo. Amayi ake a Lola anali Dolores, agogo ake anali Dolores. Kumutcha mwana dzina limeneli kuli ngati kumupereka m'manja mwa munthu wamkulu woti azimuyang'anira.

Amake Ronald anatenga foniyo n'kukulitsa chithunzi ndi zala. Anakhala nthawi akuwerenga mipeni ija. Pa kuthawa ndi mwana kudziko lachilendo anafunsa kuti abwereze. Kenako anafunsa chifukwa chake anasankha wolirayu, pamene kuli wa mame ndi wa chitonthozo. Lola anakweza mapewa. Anati mwana aliyense adzalira ndithu, kaya mumutche dzina lanji, ndiye iye amaona kuti ndi bwino womuyang'anirayo akhale woti analirapo, asamadabwe.

Mwana anadzuka mukabedi kaja, komwe kanagonapo ndi njinga, n'kuyamba kudandaula. Amake Ronald anabweza foni, n'kuchita chinthu chimene anandiuza kuti munthu sachita. Anatembenukira kwa mpongozi wawo.

"Ndiye si ine?"

Pilar sanamve. Anayang'ana Ronald. Ronald anayang'ana amayi ake, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. "Mami! Seriously? Miyezi yonseyi?" Kenako anamufotokozera mkazi wake m'Chingerezi za mayina akwathu, za Ndaziona ndi Mwatitha, ndi zimene amayi ake ankaganiza kuyambira tsiku la keke. Nkhope ya Pilar inafiira. Ndinkaopa kuti akwiya, koma zimene zinatuluka zinali kudabwa kwenikweni.

Anati inde, anakwiya nawo chifukwa cha kabedi, ndipo anawauza tsiku lomwelo kukhitchini, pamaso. Zinathera pomwepo. Angalembe bwanji mkwiyo wake pa mwana wake? Dzinalo analisankha ali kamtsikana, asanadziwe kuti kuli dziko lotchedwa Malawi. Analankhula maso ali ndi misozi, kenako anadzuka, n'kunyamula mwana uja, n'kudzamuika pamiyendo pa apongozi ake popanda kufunsa.

Ronald, amene sadziwa kusankha nthawi, anati, "So, mami, dzina lija. Monday tikupita ku registration."

Ndinasendeza phazi langa pansi pa tebulo n'kuliika pamwamba pa lawo, kukonzekera kuponda. Ndinkadziwa kuti dzina lija alisunga pansi pa lilime miyezi itatu, ndipo ndinkadziwanso kuti mayi ameneyu sakonda kubwerera m'mbuyo anthu akuona. Anayang'ana mwana. Mwanayo anawagwira chala. Milomo yawo inayenda kamodzi popanda mawu.

"Kwanu mwana amatenga dzina la agogo ake, eti?" anatero amake Ronald, akuyang'ana Pilar.

Pilar anavomera ndi mutu.

"Ndiye agogo ali awiri. Mukamulembe Vera."

Ronald anafunsa ngati sakufuna la Chichewa. Anati ayi, la Chichewa adzamuphunzitsa kulankhula, osati kusenza. Lola atamasuliridwa anaomba m'manja, n'kudzawapsompsona masaya onse awiri, mafuta a buledi n'kuwasiyira pankhope. Amake Ronald anaweramira mwana uja n'kunena motsitsa, ngati akulawa chakudya chachilendo, "Dolores." Anabwerezanso kachiwiri, mokweza pang'ono. Ine ndinachotsa phazi langa, n'kudya buledi uja zidutswa zitatu chifukwa cha mpumulo.

Tinanyamuka dzuwa lisanalowe. Pasiteshoni ndinawaseka kuti tsopano poti dzina lawo lapita kwa mwana, ndi bwino tidziwe tanthauzo lake, n'kutulutsa foni. Anandigwira dzanja mwamphamvu. Anati ndikangoyerekeza, foniyo ikagona pa njanji.

Musitima anakhala kuwindo, akuyang'ana nyanja. Ndinadikira mpaka titadutsa minda, ndiye ndinawafunsa chimene chinawabweza. Ndinkaganiza kuti anena za mipeni ija, kapena za misozi ya Pilar. Anati zimenezo zinathandiza, koma ngakhale Pilar akanavomera kuti ankanena iwo, dzina lija sakanalitchula. Linali litafika kale pamilomo, ndiye mwana atawagwira chala anakumbukira chinthu chimene sanandiuzepo.

"Amayi anga ndi apongozi awo, agogo anga aja, anayanjana, Norah. Ndisanayambe n'komwe sukulu. Ndinkawapeza pakhonde akusendera limodzi nandolo, akugawana fodya wamphuno, akuseka. Agogo atadwala anawasamalira ndi amayi, anafera m'manja mwawo. Ukawafunsa chimene anakanganirana, onse awiri sankakumbukira."

Anapukuta mafuta aja patsaya ndi nsonga ya mpango.

"Ndiye madzulo amayi ankaima pakhomo, agogo ali pambali pawo, n'kukuwa kuti Mwandida, bwera udzadye. Iwo sankamvanso kanthu. Wakumva ndinali ine ndekha."